Kodi enawo anali kuti pa tsiku lovota?

Pa 25 February 2023 ku Nigeria kunali chisankho cha pulezidenti. M'kaundula munali maina oposa 93 miliyoni, koma amene anaponya voti anali pafupifupi 25 miliyoni basi, ndiye kuti anthu 27 pa 100 alionse olembetsa. Bola Tinubu anapambana ndi mavoti osakwana 9 miliyoni m'dziko la anthu oposa 200 miliyoni. Analumbiritsidwa mu May, ndipo khoti lalikulu linadzavomereza kuti anapambanadi.

Nambala yotere ikatuluka, andale ndi olemba nkhani amathamangira kunena kuti ndi mphwayi. Amati anthu alibe nazo ntchito za dziko lawo, achinyamata angokhalira pa foni, mlandu n'kugwera munthu amene anatsala pakhomo. Amphwayi alipodi, sitingakane. Koma ine ndimaona kuti kufotokoza kotereku n'kongofuna kuthana nazo msanga. Chiwerengero cha ovota chimayamba kuumbidwa zaka zingapo tsiku lovota lisanafike. Chimaumbidwa ndi malamulo onena za amene angalowe m'kaundula, ndi kutalika kwa ulendo wokavota, komanso ndi zimene anthu anaona ndi maso awo chisankho chapitacho chitangotha. Mbali yotsirizayi ndiyo imaiwalika kawirikawiri.

Peresenti ya chiyani?

Munthu akakuuzani kuti anthu 60 pa 100 alionse anavota, mufunseni kuti 100 akewo ndi ati. Maiko ambiri amayerekeza ovota ndi olembetsa, osati ndi nzika zonse zimene zafika msinkhu wovota. Ku South Africa mu May 2024, chiwerengero chimene chinalengezedwa chinali pafupifupi 59 pa 100. Olembetsa anali 27.7 miliyoni ndipo ovota anapitirira pang'ono 16 miliyoni. Koma nzika zoyenera kuvota zinalipo pafupifupi 40 miliyoni. Mukawerengera pamenepo, mupeza kuti anavota ndi anthu anayi okha pa 10 alionse. Anthu oposa 10 miliyoni amene sanalembetse n'komwe saoneka paliponse m'nambala yolengezedwayo, ngati kuti kulibe.

Zimathekanso kuti kaundula n'kunenepa ndi maina a anthu amene anamwalira kapena anasamuka kalekale. Ziwawa za ku Kenya za 2007 zitatha, gulu lofufuza limene ankalitsogolera Johann Kriegler, woweruza wa ku South Africa, linapeza kuti m'kaundula munali maina pafupifupi 1.2 miliyoni a anthu akufa. Kaundula wotere amatsitsa peresenti ya ovota ngakhale amoyo atatuluka mwaunyinji, ndiponso amatsegula mpata woti ena avotere akufawo. Ku Malawi zimayenda mosiyana, chifukwa nthawi zambiri kalembera amayambidwa mwatsopano chisankho chachikulu chikayandikira. Munthu amene waima pamzere wolembetsa miyezi ingapo yapitayo ndi munthu amene mtima wovota ali nawo kale, n'chifukwa chake nambala zimaoneka zokwera: pafupifupi 94 pa 100 mu 1999, 74 mu 2019, ndi 76 mu 2025. Ku America akatswiri amakonda kuwerengera onse oyenera kuvota, olembetsa ndi osalembetsa omwe, ndiye 66 pa 100 ya mu 2020 inali yokwera kuposa chisankho china chilichonse kwa zaka zoposa 100. Kuika nambala za maiko awiriwa pambali n'kumanena kuti awa amakonda kuvota kuposa awo n'kudzinamiza.

Nambala yokwera nayonso si umboni wa ufulu. Mu October 2002 boma la Iraq linalengeza kuti ovota onse, oposa 11 miliyoni, anatuluka, ndipo onsewo anati inde kwa Saddam Hussein. Panalibe wodwala tsiku limenelo, panalibe wolakwitsa pochonga. Kumene mfumu, bwana kapena msilikali amayang'ana chala cha munthu kuti aone ngati chili ndi inki, anthu amavota chifukwa cha mantha. Ndipo nthawi zina kusavota kumakhala kuyankhula. Mu December 2022, pa chisankho cha aphungu ku Tunisia, anavota anthu 11 okha pa 100 alionse, zipani zambiri zitanyanyala chifukwa Pulezidenti Kais Saied anali atalanda mphamvu za nyumba ya malamulo. Amenewo sitingawatche amphwayi.

Ndani amaloledwa kulowa

Chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu, cha mu 1948, chimati pa ndime 21 boma liyenera kuchokera pa zofuna za anthu kudzera m'zisankho zenizeni, zachinsinsi, zimene aliyense ali ndi voti yofanana ndi ya mnzake. Pamene mawuwa ankalembedwa, anthu ambiri a mu Africa ndi ku Asia ankalamulidwa ndi anthu amene sanawasankhe. Ngakhale ku Ulaya zinali zisanalongosoke. Akazi a ku New Zealand anayamba kuvota mu 1893, a ku Britain mu 1918 koma okhawo a zaka 30 kupita m'tsogolo amenenso anali ndi katundu kapena amuna awo anali naye, mpaka mu 1928 pamene anafanana ndi amuna. Ku Switzerland akazi anadikira mpaka 1971, ndipo chigawo china chotchedwa Appenzell Innerrhoden chinachita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990 kuti chiwalole kuvota pa nkhani za m'chigawomo. Ku Nyasaland mu 1961 kunali makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo kuti munthu alowemo ankayang'ana ndalama zake, katundu wake ndi sukulu yake. Ku South Africa anthu akuda anavota limodzi ndi ena onse koyamba pa 27 April 1994.

Koma nkhani imene imaphunzitsa zambiri ndi ya ku America, chifukwa kumeneko ufulu unaperekedwa kenako n'kulandidwa popanda kufufuta lamulo lililonse. Mu 1870 malamulo aakulu a dzikolo anasinthidwa kuti munthu asaletsedwe kuvota chifukwa cha khungu lake. Amuna akuda anavota, ena anakhala aphungu. Patatha zaka 20 kapena 30, zigawo za kummwera zinapeza njira. Zinaika msonkho woti munthu alipire asanavote. Zinaika mayeso a kuwerenga. Munthu wakuda ankalowa mu ofesi ya kalembera, imene mwina inkatsegulidwa masiku owerengeka pa mwezi, kalaliki wachizungu n'kumupatsa ndime yovuta ya malamulo a chigawocho kuti aiwerenge ndi kuimasulira. Woweruza ngati wakhoza kapena walephera anali kalaliki yemweyo, ndipo panalibe kokadandaula. Mzungu wosadziwa kuwerenga ankapulumutsidwa ndi kalamulo kena konena kuti ngati agogo ake ankavota kale ukapolo usanathe kapena utangotha, mayesowo sakumukhudza. Ku Louisiana, anthu akuda olembetsa anali oposa 130,000 mu 1896. Pofika 1904 anatsala 1,342.

Zinatenga zaka zina 60. Pa 7 March 1965 apolisi anamenya anthu oguba mwamtendere pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, m'chigawo cha Alabama, dziko lonse likuonera pa TV. Pa 6 August chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loteteza ufulu wovota, limene linaimitsa mayeso aja ndi kulamula kuti zigawo za mbiri yoipa zisasinthe malamulo a chisankho popanda chilolezo cha boma lalikulu. Ku Mississippi, anthu akuda olembetsa anali osakwana 7 pa 100 alionse. Patangotha zaka ziwiri anafika pafupifupi 60 pa 100. Anthu ake anali omwewo, mitima yawo inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi chitseko cha ofesi ya kalembera.

Masiku ano palibe boma limene lingalembe poyera kuti mtundu wakuti usavote. Mpanda umamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono timene pachokha kalikonse kamamveka kanzeru. Chiphaso ndi chimodzi mwa izo. Kufuna kuti wovota asonyeze chitupa n'kwabwino ngati boma laonetsetsa kuti aliyense ali nacho, koma ngati chitupacho chimapezeka kuofesi ya kutali, pamtengo, patatha miyezi, ndiye kuti asefedwa osauka, okalamba ndi achinyamata amene angokwanitsa kumene zaka 18. Ku England anayamba kufuna chitupa cha chithunzi mu 2023, ndipo mu May 2024 Boris Johnson, amene boma lake ndilo linabweretsa lamulolo, anabwezedwa pamalo ovotera ataiwala chake. Iye anabwerera kukatenga. Munthu amene wapempha ola limodzi kuntchito, kapena wayenda mtunda ndi mwana kumsana, sabweranso kachiwiri.

Dziko likafuna kuti anthu avote, limachita kuoneka. Ku India, kumene olembetsa anali pafupifupi 970 miliyoni mu 2024, bungwe loyendetsa zisankho limayesetsa kuti munthu asayende mtunda woposa makilomita awiri, ndipo m'nkhalango ya Gir ku Gujarat ogwira ntchito amanyamula zipangizo zonse kukakonzera malo munthu mmodzi yekha wokhala pakachisi wa kumeneko. Ku Gambia, pofuna kuti osadziwa kuwerenga asavutike, wovota amapatsidwa kampira ka galasi n'kukakaponya mu mgolo wopakidwa mtundu wa chipani chimene akufuna, ndipo kakagwa belu limalira kuti oyang'anira adziwe kuti waponya kamodzi. Ku Sweden munthu sachita kukalembetsa, boma limamuika m'kaundula lokha, ndipo ovota amapitirira 80 pa 100. Ku Brazil osadziwa kuwerenga analoledwa kuvota mu 1985.

Mikangano ina ikadalipo. Akaidi avote? Khoti la malamulo aakulu ku South Africa linati inde mu 1999, ndipo ku Zambia anavota koyamba mu 2021. Ku Florida, chigawo cha ku America, anthu anavomereza mu 2018 kuti amene anamaliza chilango chawo abwezeredwe ufulu wovota, koma chaka chotsatira aphungu a chigawocho anaika lamulo loti ayambe amaliza kulipira zindapusa zonse za kukhoti, zimene ambiri sangakwanitse. Nanga a zaka 16? Ku Austria amavota kuyambira 2007. Nanga nzika zokhala kunja, zimene zimatumiza ndalama kwawo mwezi ndi mwezi koma sizifunsidwa za amene azilamulira? Maiko ena amazilola, ena amangolonjeza.

Chimene chimadzutsa munthu

Katswiri wa zachuma Anthony Downs ananena mu 1957 kuti munthu atati awerengetse bwinobwino, kuvota kulibe phindu: nthawi imatayika, koma mwayi woti voti yake imodzi isinthe zotsatira ndi wochepetsetsa. Zimachitika ndithu, koma mwa apo ndi apo. Ku Zanzibar mu January 1961 mpando wa Chake-Chake unapita ndi voti imodzi. Ku Virginia, chigawo cha ku America, mu 2017 opikisana awiri anafanana ndendende, moti akuluakulu a chisankho analemba maina awo pa timapepala, kutiika m'timabotolo, n'kutola kamodzi m'mbale, ndipo maere amenewo ndiwo anagamula chipani cholamulira nyumba ya malamulo ya chigawocho. Komabe anthu mamiliyoni amene amaima pamzere sakhala akuyembekezera zoterezi.

Amapita chifukwa anzawo akupita, chifukwa wina anawapempha, chifukwa anazolowera, kapena chifukwa akwiya. Alan Gerber ndi Donald Green, akatswiri amene nthawiyo anali ku yunivesite ya Yale ku America, anayesa zimenezi mumzinda wa New Haven mu 1998 ndipo anapeza kuti kugogoda pakhomo n'kuyankhula ndi munthu maso ndi maso kumatulutsa ovota ambiri kuposa makalata kapena foni. Mu 2006 ku Michigan anayesanso china chochititsa manyazi pang'ono: anatumizira anthu kalata yosonyeza amene anavota ndi amene sanavote pakati pa oyandikana nawo nyumba, n'kulonjeza kuti adzatumizanso ina chisankho chikatha. Ovota anakwera ndi anthu 8 pa 100 alionse. Munthu amaopa diso la mnzake kuposa ulaliki wonse wa za udindo wa nzika.

Kukula kwa mpando nakonso kumakoka anthu. Ku Malawi, kumene chisankho cha pulezidenti cha 1999 chinadzaza mizere, cha makhansala cha chaka chotsatira chinakopa anthu 14 okha pa 100 alionse, chonsecho khansala ndiye ali pafupi ndi mjigo ndi msewu wa munthu. Ku Zambia, chisankho chapadera cha pa 20 January 2015, Michael Sata atamwalira, chinachitika mkati mwa dzinja ndipo anavota anthu 32 pa 100. Mu August 2021, anthu ataona kuti boma likhoza kusintha, anatuluka oposa 70 pa 100, ambiri mwa iwo achinyamata omwe aja ankanenedwa kuti alibe nazo ntchito.

Maiko ena anangoganiza zokakamiza. Belgium inayamba mu 1893. Ku Australia ovota anali osakwana 60 pa 100 mu 1922, lamulo lokakamiza linabwera mu 1924, ndipo mu 1925 anapitirira 91 pa 100. Chindapusa chake n'chochepa, madola 20 a kumeneko, koma chinsinsi chake chili pena: boma limene lakakamiza anthu kuvota limakakamizikanso kuwafewetsera zinthu, n'chifukwa chake amavota Loweruka ndipo pali njira zovotera tsikulo lisanafike. Chile inasiya kukakamiza mu 2012, ovota anatsika mpaka osakwana theka, ndipo itabwezeretsa lamulolo mu 2022 anafika pafupifupi 86 pa 100. Otsutsa amati ufulu wovota umaphatikizapo ufulu wokana kuvota, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Koma tisaiwale kuti otsala pakhomo sakhala anthu a mitundu yonse mofanana. M'maiko olemera amachuluka ndi achinyamata ndi osauka. Wandale amadziwa bwino gulu limene limavota ndi limene silivota, ndipo bajeti amailemba akudziwa zimenezo.

Mabokosi akatsekedwa

Nthawi yoopsa kwambiri pa chisankho chilichonse ndi ya pakati pa kutseka malo ovotera ndi kulengeza zotsatira. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo, mamonitala a zipani akuona, aliyense n'kusaina pepala la zotsatira. Kubera kwambiri sikuchitikira pamenepo ayi, kumachitikira m'njira, pamene pepala lija likupita kumalo ophatikizira, ndi pamene manambala akulowetsedwa mu kompyuta. Kuchedwa kulikonse kosafotokozedwa kumabala mphekesera. Ku Zimbabwe anthu anavota pa 29 March 2008, koma zotsatira za pulezidenti zinatuluka pa 2 May, patatha milungu pafupifupi isanu. Ku Kenya pa 30 December 2007 Mwai Kibaki analengezedwa kuti wapambana n'kulumbiritsidwa madzulo omwewo mwachangu. M'milungu yotsatira anthu oposa 1,100 anaphedwa ndipo pafupifupi 600,000 anathawa m'nyumba zawo, mpaka Kofi Annan atayanjanitsa mbali ziwirizo pa 28 February 2008 ndipo Raila Odinga anakhala nduna yaikulu.

Chimene chimatseka chisankho kwenikweni ndi mawu a wogonja. M'maiko ambiri palibe lamulo lomukakamiza kuvomereza, koma akangotero otsatira ake amabwerera kunyumba. Kenneth Kaunda anavomereza mu 1991 atalamulira zaka 27. Goodluck Jonathan wa ku Nigeria anaimbira foni Muhammadu Buhari mu 2015 zotsatira zonse zisanalengezedwe. Al Gore wa ku America anavomereza mu December 2000 atagonja ku Florida ndi mavoti 537 okha, ngakhale ananena poyera kuti sakugwirizana ndi chigamulo cha khoti. Mokgweetsi Masisi anachita chimodzimodzi ku Botswana mu 2024, chipani chake chitalamulira zaka 58, ndipo Lazarus Chakwera anavomereza mu September 2025 bungwe la chisankho lisanalengeze. Mbali inayi kuli Yahya Jammeh wa ku Gambia, amene anavomereza mu December 2016, patatha sabata n'kubweza mawu, mpaka asilikali a maiko oyandikana nawo atayamba kulowa m'dzikomo. Kuli Laurent Gbagbo wa ku Côte d'Ivoire, amene kukana kwake mu 2010 kunathera m'nkhondo imene inapha anthu pafupifupi 3,000. Kuli otsatira a Donald Trump amene anathyola nyumba ya malamulo ku Washington pa 6 January 2021, milandu yoposa 60 yotsutsa zotsatira itakanika m'makhoti.

Timakonda kufotokoza kusiyanaku ndi mtima wa munthu, kuti uyu ngwaulemu, uyo ngwadyera. Mtima ulipo, koma palinso masamu. Munthu amavomereza kugonja akakhulupirira zinthu ziwiri: kuti pakatha zaka zinayi kapena zisanu adzapatsidwanso mwayi wopikisana mwachilungamo, ndi kuti pakadali pano iye ndi anthu ake sasakidwa ngati nyama. Kumene wopambana amatenga zonse, ntchito za m'boma, makontirakiti, ngakhale chitukuko cha m'madera, ndipo wogonja amataya zonse, chisankho chimasanduka nkhondo. Choncho mmene boma latsopano limachitira ndi amene sanalivotere m'miyezi yoyambirira ndi mmenenso likukonzera tsiku limene ilo lidzagonje.

Wosakhutira ali ndi khoti. Kwa zaka zambiri mu Africa zinkadziwika kuti khoti silingagwetse pulezidenti wolengezedwa kale. Ku Ghana, Nana Akufo-Addo anadikira miyezi 8 mu 2013, anagonja, n'kuvomereza chigamulo. Zinthu zinasintha pa 1 September 2017, pamene khoti lalikulu la ku Kenya, motsogozedwa ndi David Maraga, linafafaniza kupambana kwa Uhuru Kenyatta chifukwa cha zolakwika pa katumizidwe ka zotsatira. Pa 3 February 2020 oweruza asanu ku Malawi anafafanizanso chisankho cha pa 21 May 2019, atapeza mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex ndi ena osakhala enieni. Anagamulanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, osati kungoposa anzake, monga mmene Peter Mutharika anapambanira ndi 38.6 pa 100.

Zimene zinatsatira m'maiko awiriwa n'zimene zikusonyeza bwino mfundo yanga. Ku Kenya chisankho chachibwereza chinayendetsedwa ndi bungwe lomwe lija, lisanakonzedwe monga otsutsa ankafunira. Odinga ananyanyala, ovota anatsika kuchoka pafupifupi 80 pa 100 mu August kufika 39 pa 100 mu October, ndipo Kenyatta anapeza 98 pa 100 ya mavoti amene sanakhutiritse aliyense. Ku Malawi wapampando wa bungwe anasintha, Jane Ansah atatula pansi udindo ndipo Chifundo Kachale atalowa m'malo, mbali zonse zinapikisana, ndipo pa 23 June 2020 anavota anthu pafupifupi 65 pa 100 mkati mwa mliri wa Covid-19. Chigamulo cha khoti pachokha sichibweza anthu pamzere. Amabwera akaona kuti chimene chinalakwika chakonzedwa.

Opambana nawonso ali ndi yesero lawo, lodziona ngati dziko lonse lawatuma. Ku Britain mu July 2024 chipani cha Labour chinapeza mavoti 34 pa 100 koma chinatenga mipando yoposa 400 mwa 650, chifukwa m'dera lililonse amapambana amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi. Popeza anavota anali 60 pa 100, ndiye kuti boma lamphamvu chonchi linasankhidwa ndi munthu mmodzi pa olembetsa asanu alionse. Kumene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani, mavoti satayika chotero, koma vuto limasamukira kwina: boma limapangidwa m'zipinda zokambirana, wovota ali panja. Ku South Africa, ANC itatsika kufika pa 40 pa 100 mu 2024, inalowa m'boma limodzi ndi Democratic Alliance, chipani chimene otsatira ake ambiri anavota n'cholinga chochotsa ANC yomweyo. Belgium inakhala masiku 541 yopanda boma latsopano chisankho cha 2010 chitatha.

Ndiye pali kusamuka kwa aphungu. Munthu wavotera phungu wa chipani chotsutsa, pakutha pa miyezi itatu akumuona atavala nsalu ya chipani cholamula, akuti akufuna chitukuko cha dera lake. India inaika lamulo loletsa zimenezi mu 1985. South Africa inayesa kuzilola pa nyengo zoikika, inaona chisokonezo chake, n'kuzithetsa mu 2009. Ku Malawi ndime 65 ya malamulo aakulu imati phungu wotere ataye mpando, koma Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira ndipo nkhaniyo inakokedwakokedwa mpaka nthawi yawo inatha. Ndime 64, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu anaichotsa okha mu 1995. Wovota amene waona zoterezi kawiri katatu amaphunzira. Ena amasiya kupita. Ena amapita, koma amayamba alandira kaye kanthu pa nthawi ya kampeni, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Timawadzudzula kuti agulitsa voti, koma anawaphunzitsa kuti lonjezo silifika ndi andale omwewo.

Chotsiriza, chimene chimachitika mwakachetechete kwambiri, ndi kusintha kwa malamulo a chisankho chotsatira. M'zaka zapakati, oonerera a kunja atapita ndipo atolankhani ali pa nkhani zina, ndi mmene malire a madera a aphungu amadulidwa, makomishonala amasankhidwa, ndalama za kalembera zimaperekedwa kapena kumanidwa, ndipo malire a nthawi yolamulira amakhudzidwa. Uganda inachotsa malire a matemu mu 2005 ndi a zaka za kubadwa mu 2017. Ku Zambia mu 2001 ndi ku Malawi mu 2002 zoyesa zotere zinakanika chifukwa mipingo, mabungwe ndi aphungu ena anali maso.

Ku America, khoti lalikulu linachotsa mphamvu ya mbali ija ya lamulo la 1965 yofuna chilolezo cha boma lalikulu mu June 2013. Patangotha milungu yochepa, aphungu a ku North Carolina anadutsitsa lamulo latsopano la chisankho. Linachepetsa masiku ovota tsiku lenileni lisanafike, linathetsa kulembetsa ndi kuvota tsiku lomwelo, ndipo linasankha mitundu ya zitupa yovomerezeka. Pambuyo pake zinadziwika kukhoti kuti asanalembe lamulolo, aphunguwo anaitanitsa ziwerengero zosonyeza njira zovotera zimene anthu akuda amagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo zimene anadulazo zinali zomwezo. Khoti la apilo linagwetsa lamulolo mu July 2016. Chisankho cha 2014 chinali chitachitika kale mbali zina za lamulolo zikugwira ntchito.